Ndinawerenga Mpweya wa Mwana Tsiku Loika Atsibweni

Ndinadzuka kusanache. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, ena akugona chokhala atatsamira khoma. Kunja kunali chisanu, moto utatsala makala okha. Ndinaukolezera kuti madzi afunde.

Amene tinkaika anali atsibweni anga, mlongo wa amayi. Ntchito yachipatala anaiyambira ku Zambia pa nthawi yothawa nkhondo, kenako anakaphunzira ku Tete nkukhala tekiniku, wothandiza odwala ngati dotolo. Kwathu aliyense ankangowatcha a dotolo. Atapuma pantchito odwala sanasiye kubwera pakhonde pathu, ndipo ine ndikaweruka ku shikola ndinkakhala pambali pawo. Mankhwala sankandilola kugwira. Ankandiphunzitsa kuyang'ana basi: maso, lilime, kapumidwe ka mwana.

Dzuwa litakwera bwalo linadzaza. Njinga zinaunjikana pansi pa mango. Okumba golide anafika ndi fumbi lofiira m'miyendo. Abambo ena kuseri kwa khola ankaonetsana zipsera za mabala amene atsibweni anasoka. Onsewa ankapepesa amayi ndi akuluakulu. Ine ankangondipatsira mbale zoti nditsuke.

Chakumasana, bokosi litatulutsidwa, mayi wina wachilendo anandikoka chitenje. Kumsana anali ndi mwana wosakwana chaka.

"Ndiwe uja unkakhala ndi a dotolo? Tandionereko mwanayu. Wakana bere chiyambire dzulo."

"Mayi, ine ndine mwana wa shikola chabe."

"Nanga ndipite kwa yani? Eni ake si awo ali m'bokosi?"

Ndinawatengera kuseri kwa nkhokwe. Mwanayo anali wotentha, akulira mosasa mawu. Atsibweni ankati mwana akamalira suwerenga mpweya wake, umadikira. Choncho tinadikira. Tili pomwepo nyimbo yonyamulira maliro inayamba. Ndinaimva ikudutsa pakhola, kenako ikutsikira kudambo.

Mwana atatonthola ndinamuvundukula pamimba, nkuika telefoni yanga pabondo. Pa mphindi imodzi anapuma kokwana makumi asanu ndi limodzi kudza kanayi. Ndinabwereza poopa kuti mantha andisokoneza. Sizinasinthe kwenikweni. Pansi pa nthiti pankalowa mkati akamakoka mpweya. Ndinkadziwa kuti wa msinkhu uwu akafika makumi asanu, si nkhani ya pakhonde ayi.

"Mupite naye kuchipatala ku Malowera, pompano."

Mayiyo anayang'ana njira ya kumanda.

"Ndichoke maliro asanaikidwe? A dotolo ndiwo anandichiritsa ine. Anthu adzandinena mpaka liti? Tiike kaye."

"Akafuna kunena anene ine. Tiyeni, ndikuperekezani."

Tinadutsa m'minda mpaka kumsewu, kumene mwini mota wina, wonyamula anthu pa njinga yamoto, anali atangotsitsa obwera mochedwa. Poyamba anakana, akuti nayenso wabwera kudzaika. Ndinamuonetsa chifuwa cha mwanayo. Anayang'ana kanthawi, nkuliza mota, nkunyamuka ndi mayi uja ndi mwana wake.

Pobwerera ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda. Adzukulu anali atakwirira kale. Ena anandiyang'ana nkunong'onezana. Amayi anali pakhomo akusamba m'manja, maso atatupa.

"Unali kuti? Akuitana katatu kuti udzaponye dothi. Munthu anakukonda kuposa ana ake omwe."

Ndinayamba kufotokoza, koma anatembenuka nkulowa m'nyumba.

Madzulo anthu anabalalika. Miphika yobwereka inabwezedwa, pabwalo panatsala mafuwa ndi phulusa. Ndinakhala pakhonde ndekha, ndikudzifunsa ngati sindinalakwitse kuwerenga, ngati sindinataye mwayi wotsanzikana nawo chifukwa cha chimfine wamba. Woti ndimufunse panalibe.

Dzuwa likulowa mota ija inaima panjira. Mwini wake sanatsike.

"Amugoneka. Amubaya jakisoni, akuti ndi chibayo. Akanagona naye kunyumba zikanavuta. Tekiniku wa kumeneko amafunsa kuti wawerenga mpweya ndani."

"Munawauza kuti chiyani, achimwene?"

"Ndati mdzukulu wa malemu. Akuti ukamapita ku shikola uzidzera, akakuone."

Atapita ndinalowa m'nyumba. Amayi anali atagona pamphasa, atayang'ana kukhoma. Ndinakhala kumiyendo kwawo ndi uthenga wanga, osadziwa poyambira. Mmawa ndidzawapempha andiperekeze kumanda, akandionetse pomwe atsibweni agona.