Ndazula anyezi wamaluwa wa agogo

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno ku Kanjedza ndapalamula.

Mukumudziwa anyezi wamaluwa uja agogo aamuna amamusamala kuseri kwa nyumba? Wamasamba owonda ngati udzu, maluwa ake apepo. Uja amati anamutenga nthawi ya Chitaganya, akugwira ntchito yamugadeni kwa mzungu ku Limbe.

M'mawa agogowo andituma kuti ndikakolole pang'ono tiike m'mazira. Ine poti anyezi ndi anyezi, ndatenga khasu. Kukumba phando loyamba, mutu palibe. Lachiwiri, palibenso. Ndati mwina akuluakulu ali kutsogolo, mpaka ndazula mzere wonse. Timitu take ngati ta machesi.

Kani ameneyu sakumba ayi. Umangodula masamba ndi sizasi, kusiyako zala ziwiri, iye n'kuphukanso.

Agogo atafika sanakalipe. Angovula chipewa ngati ali pamaliro. Kenako akuti, "Chitaganya chinatha anyeziyu ali moyo. Chilala chinamulephera. Kani amadikira iwe."

Ndawaonetsa pa foni kuti ukamugawa n'kumubzalanso amagwira bwinobwino. Akuti, "Foni yakoyo inalipo ndikumubzala?"

Tabzalanso wonse, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndili chogwada. Titamaliza alowa kuchipinda kwanga, atenga chaja n'kuitsekera mu sutikesi yawo. Akuti ituluka tsiku lomwe anyezi aphuke.

Ndiye abale, alipo akudziwa kuti ameneyu amatenga masiku angati? Anti a ku Chilobwe, inu amakumverani, tawaimbireni chonde. Muyankhe msanga, batire yafiira kale.