Fungo la pa Jekete

Ndinaganiza zochoka m'chaka chomwe achimwene anga, a Laisoni, anamangidwa. Apolisi anawapeza ndi munda wa chamba kuseri kwa phiri, kwathu ku Nkhotakota. Chamba chomwecho n'chimene chinandiphunzitsa mpaka kukoleji, ngakhale pakhomo sitinkazitchula. Mwayi wa ku Canada utapezeka, sindinacheuke.

Ntchito ndinaipeza ku Mississauga, mu labu ina pafupi ndi bwalo la ndege. Tsoka ilo, inali ya chamba chomwe chija, kungoti kumeneko n'chololedwa. Ife tinkachotsamo mafuta. Ukaviika masamba mu sipiriti wosazizira bwino, mafuta amatuluka obiriwira, owawa, ndipo ogula sawafuna. Amafuna owala ngati uchi. Fungo nalonso silichedwa kuthawa: moto ukangochuluka pang'ono, kafungo ka ndimu ndi ka paini kaja kapita. Ndiye fungolo tinkayamba talitapa padera, n'kudzalibwezeramo pomaliza. Ntchitoyi ndinkaikonda, ndisaname.

Madzulo ndinkakwera basi kubwerera kukachipinda kanga ku Etobicoke, mphepo ikuluma makutu. Ndinkasungulumwa kwambiri. Kumudzi ndinkatumiza kangachepe ndi uthenga woti ndili pa ntchito ya mankhwala. Mantha anga anali amodzi: achimwene akadzadziwa kuti chinawamangitsa iwo n'chimene chikundidyetsa ine, adzandiyankhulanso?

Mnzanga wina wa ku Chipata anandiuzapo kutchalitchi kuti, "Aise, uzisinthako jekete. Ukununkha kuntchito." Ndinangoseka. Mphuno ya munthu wa mu labu imazolowera, siimvanso kanthu.

Achimwene atatuluka, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza ataonda, akulima mpunga. Mphatso ndinawatengera yabwino koposa zonse zomwe ndinali nazo: jekete yomwe ija.

Anaitambasula pakhonde, akumwetulira. Kenako anaifikitsa pamphuno.

"Mankhwala ako aja ndi amenewa?"

"Eya, achimwene."

"Boma likudziwa?"

"Ndi lomwe limapereka chilolezo."

Ndinadikira kuti akwiye. Koma anangopukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

"Bola wina mwa ife wadya nacho poyera," anatero.

Mtima unakhala pansi, koma manyazi anandigwira. Iwo anaipinda bwinobwino jekete ija n'kundibwezera m'manja.

"Ndaikonda, mng'ono wanga. Koma ukaichape kaye, kawiri. Mawa ndiivala pokwera minibasi yodutsa pa rodibuloko. Kuno fungo ili likadali mlandu."