A Musasunthe ndi Chithunzi cha Akazi Awo

Mlendo akatsika basi m'tauni yathu ya m'phiri n'kufunsa kuti kuno anthu amachitako chiyani, yankho silichedwa. Pali msika, pali tiyirumu ya pakona, pali laibulale imene mabuku ake amanunkha chinyontho, ndiponso holo yakale ya kanema imene masiku ano amapemphereramo. Ukayenda msewu waukulu kuchokera kudepoti kukafika kupositi, basi tauni yatha, thukuta lisanatuluke n'komwe. Koma kale yankholo linkakhala ndi mchira wake. Ankati ukatha zonsezo, upite ukajambulitse kwa a Musasunthe.

Dzinali silinali la makolo ayi. Anthu anawapatsa chifukwa ndi mawu amene ankakuwa tsiku lonse, diso limodzi atatsinzina, lina lili pakamera. Ankagwira ntchito pamasitepe a positi. Malowo anawasankha akadali mnyamata, ataona kuti munthu akaima pasitepe yapakati phiri lonse limakhala kumbuyo kwake ngati ndi la bambo ake. Pamenepo panaima ana asukulu omaliza mayeso, anyamata a majekete obwereka, akwati ndi akwatibwi, ndi alendo ochokera kuchigwa amene ankanjenjemera ndi mphepo yathu koma n'kumamwetulirabe.

Munthuyo anali wamalamulo, ndipo pamalamulo akewo sankamva za munthu. Loyamba linali lakuti phiri lizioneka lonse. Nkhungu ikatsika, ankakukhazika pansi kuti udikire, kaya basi yako ikuliza hutala. Lachiwiri, limene ankalisunga kuposa malamulo a kutchalitchi, linali lakuti m'chithunzi musalowe munthu wosaitanidwa. Wodutsa aliyense ankamuthamangitsa ndi dzanja ngati nkhuku. Wina akalowabe mwangozi, zithunzi zikabwera kotsukitsa ankatulutsa sizasi m'thumba la jekete n'kumudula m'mphepetemo bwinobwino. Ankati chithunzi chili ngati bedi, sulowetsamo aliyense.

Amene ankathamangitsidwa kuposa onse anali akazi awo. Dzuwa likafika pamutu, mayiwo ankatsetsereka kuchokera kunyumba kwawo kumtunda ndi fulasiki ya tiyi ndi kakontena ka chakudya. Njira yawo inkatulukira kuseri kwa positi, ndendende kumene kamera inkaloza. Ndiye tsiku ndi tsiku tauni yonse inkamva mawu omwewo.

"Tasunthani mayi, mukulowa m'chithunzi."

Iwo ankaseka n'kudumphira pambali, fulasiki ili m'manja. Sanali munthu wosunga mangawa. Nthawi zina, akuthira tiyi m'kapu, ankafunsa kuti nanga chawo chidzajambulidwa liti, popeza ngakhale galu wa mwini golosale anali nacho chake. Ankaopsezanso kuti apita kwa wojambula wina, akudziwa bwino kuti m'tauni monse munalibe winanso. Ngakhale paukwati wawo sipanajambulidwe kanthu, poti wojambula yekhayo ndi amene ankakwatira.

A Musasunthe sankakana. Ankangoti chithunzi cha akazi awo sichingakhale cha chisawawa ngati cha anthu odutsa. Chinkafunika tsiku loti phiri layera mbee, filimu ikhale yatsopano, mayiwo avale diresi yawo yabuluu. Tsikulo likapezeka, makasitomala ankachuluka. Makasitomala akachepa, nkhungu inkatsika. Filimu ikatsala pang'ono kutha, ankaisungira mlendo amene angatulukire. Sikuti sankawakonda akazi awo, ankawakonda kwambiri, ndipo ndinganene kuti chikondicho ndi chimene chinawapusitsa. Ankaona ngati munthu amene umadzuka naye m'mawa uliwonse sangasowe. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mwambi umakoma ukamanena mnzako.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china nyengo yozizira mayiwo anayamba kutsokomola, anagonekedwa m'chipatala, ndipo nyengoyo isanathe anapita. Diresi yabuluu ija anawaveka ulendo womaliza.

Pambuyo pake zinthu zinangotsatizana. Kunabwera mafoni ojambula, ndipo aliyense anasanduka wojambula, ngakhale amene amadula anzawo mitu pazithunzi. Sitolo yotsuka zithunzi inatsekedwa, mwini wake n'kuyamba kugulitsa matchaja. A Musasunthe sanasiye kupita pamasitepe paja, chifukwa kunyumba kunali zii ndipo miyendo yawo sinkadziwa njira ina. Kamera inkalendewerabe pachifuwa, yopanda filimu. Alendo ankawapatsira mafoni awo kuti awajambule, ena n'kuwasiyira kangachepe, ena zikomo yekha. Masana ankagula tiyi wa m'tiyirumu n'kumadandaula kuti ndi madzi otentha chabe.

Mwana wawo anali mmodzi, wamkazi, namwino m'tauni yaikulu ya kuchigwa. Anakwatiwa komweko ndipo anabereka mwana wamkazi amayi ake atamwalira kale. Tsiku lina anabwera kudzawaona. Atasesa m'nyumba ndi kuchapa makatani amene anali atada ngati sanaonepo madzi, anakhala pansi n'kunena chimene chinamubweretsa.

"Abambo, mdzukulu wanu wayamba kufunsa kuti agogo ake aakazi ankaoneka bwanji. Ine ndimafotokoza koma sizikwana. Mundipatseko chithunzi cha amayi, ngakhale chimodzi chokha."

Iwo anayang'ana pansi n'kuyankha kuti afufuza. Mwanayo anati abweranso mwezi ukatha.

Panalibe chofufuza, ndipo iwo ankadziwa. Kachithunzi ka pachiphaso cha mayiwo kanali katadyedwa ndi chinyontho mpaka kutsala banga loyera. Koma panali china chimene sanauze mwana wawo, chimene chinkawawawa kuposa pempholo. Nkhope ya akazi awo inali itayamba kuwathawa. Mawu awo ankawamva bwinobwino, kaseko kawo, ngakhale kulira kwa masilipasi awo pamasitepe. Koma akatsinzina kuti aone nkhope, inkabwera ngati phiri la m'nkhungu, apa mphumi, apa tsaya, osaoneka yonse. Munthu amene ankakumbukira nkhope za alendo a tsiku limodzi ankalephera kuona ya mkazi amene anakalamba naye. Zimenezi zinkawachititsa manyazi ndi mantha.

Anayamba ndi katoni ya pansi pa bedi, mmene munali zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Ankati mwina penapake mayiwo analowamo osaonedwa. Anaziyala pamphasa n'kumaziona chimodzichimodzi pafupi ndi windo. Zonse zinali zoyera bwino, munthu pakati, phiri kumbuyo, m'mphepete mopanda kanthu. Zina zinali zopapatiza kuposa zinzake, ndipo ankadziwa chimene sizasi inachotsapo. Ntchito yawo inali yabwino kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anaitukwana.

Kenaka analowa m'tauni. Ulendo umene alendo amauyenda pocheza, iwo anauyenda ngati munthu wofuna mbuzi yotayika. M'tiyirumu anapempha mayi wogulitsa kuti atsitse zithunzi za pakhoma, zimene iwo omwe anajambula kalekale. Ku laibulale anatsegulitsa kabati ya zithunzi zakale za tauniyo. Anapita kwa telala, kwa wokonza nsapato, kwa mwini golosale amene anawaonetsa chithunzi cha galu uja, chili m'felemu. Aliyense ankawalandira bwino, aliyense ankawakumbukira mayiwo, wina kuti anali oseka, wina kuti anali ndi kampata kumano. Koma pazithunzi zonsezo panalibe ngakhale mthunzi wawo.

Anamalizira kwa wometa, mnzawo wakalekale, amene ankatsutsana naye za mpira kuyambira onse ali ndi tsitsi. Atamva nkhaniyo, wometayo anazimitsa makina ake, kasitomala ali ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Anasolola chithunzi chimene chinali chitatsomekedwa pakona ya galasi, chofiirira ndi ukalamba. Chinali cha iye mwini ali mnyamata, tsiku limene anatsegula shopuyo, ataima pasitepe yapakati monyada.

"Ichi ndinakulandani m'manja musanachidule, achimwene," anatero. "Munanditsatira mpaka pakhomo pano ndi sizasi yanu, ine n'kukana. Taonani kumanzereku."

A Musasunthe anavala magalasi. M'mphepete mwa chithunzicho munali mkono wa munthu wamkazi, kuyambira paphewa kufika kudzanja, utanyamula fulasiki. Panali chigongono, kansalu ka bulawuzi ya madontho, ndi kachidutswa ka mpango. Mutu unali kunja. Mkonowo sunaoneke bwino, unali wachimbuuzi, monga chimaonekera chinthu chimene chikuyenda pamene kamera ikulira.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Wometayo, pofuna kuwapepuza mtima, anati mwina kamerayo inagwedezeka.

"Kamera yanga sinkagwedezeka," anayankha. "Apa anali akusuntha. Ndinawauza ndine."

Anakhala pabenchi ya odikira n'kulira, chipewa chili pamaondo. Kasitomala uja sanadandaule za mutu wake, anangodikira mpaka iwo atatuluka.

Mwezi utatha mwana wawo anabwera. Anamupatsa chithunzicho chili mu envelopu, ndipo sanadzikometsere. Anamuuza kuti pazaka zonse zimene anajambula tauni yathunthu, cha amayi ake chimene chinatsala ndi chimenecho. Namwinoyo anayang'ana mnyamata wachilendo wa pakatiyo modabwa, kenaka maso ake anapita kumphepete. Anaika chala pamkonopo n'kunena kuti bulawuziyo akuikumbukira, ndi imene ankapukutira misozi ali mwana. Sanawakalipire bambo ake, ndipo mwina kukalipa kukanawapepukira. Anangofunsa kuti mwana wake akamuuze chiyani.

"Ukamuuze kuti agogo ake ndi awa akubweretsa tiyiwa," anatero bambo ake. "Nkhope ukamuonetse yako pagalasi. Kampata kako ka kumanoko unatengera iwo."

Ananena zimenezo akumuyang'anitsitsa ngati akumuona koyamba, mpaka mwanayo anachita manyazi n'kutembenuka.

A Musasunthe akadalipo pamasitepe paja, ngakhale kuti masiku ano amakhala pansi nthawi zambiri. Tsiku lina mnyamata ndi mtsikana ochokera kuchigwa anawapatsa foni kuti awajambule. Phiri linali litayera mbee. Ali pafupi kudina, kuseri kwa positi kunatulukira mayi wina wosadziwika, atasenza beseni la mapeyala, n'kulowa kumbuyo kwa awiriwo. Mayiyo ataona foni anachita changu kuti achoke, koma a Musasunthe anamukwezera dzanja kuti aime, n'kudina.

Mnyamatayo ataona chithunzicho anakwinya nkhope. Anati madala aononga, mwalowa munthu, ajambulenso china ndipo ichi achifufuta.

"China ndikujambulani," anatero a Musasunthe. "Koma ichi musafufute. Ameneyu ali ndi kwawo, tsiku lina wina adzamufuna."