Mchenga wa M'chikhakha

Dzulo ndinapeza thawulo lonyowa lomwe mdzukulu wanga anaiwala m'ndowa. Fungo lakelo linandikumbutsa chikhakha chomwe anandiika kuchipatala nditathyoka mkono, ndili kamtsikana kwathu kunyanja ku Salima.

Amayi anandichenjeza kuti, "Ukangochinyowetsa, mkonowo uwola." Koma ndani angapirire mwezi wathunthu anzake akusambira? Tsiku lina iwo ali kalikiliki kuyanika usipa pathandala, ndinalowa m'madzi nditakweza mkono m'mwamba. Funde linandigwetsa.

Patapita masiku, chikhakha chinayamba kununkha. Ndinkadziwa zomwe amayi ankachita ndi usipa wowola: ankautaya. Choncho mkonowo ndinkauphimba ndi chitenje, osauza munthu.

Tsiku lochotsa chikhakha, adokotala anatulutsa sowo yamagetsi. Itangolira ndinakuwa, "Musaudule chonde! Ndikausambitsa ndi sopo!"

"Tikudula chikhakha chokha, mwanawe," anatero.

Sindinawakhulupirire. Ndinatsinzina, ndikudikira ululu. Chikhakha chitatseguka, mchenga unakhuthukira pasimenti. Mkono unalipo, wowonda, wotuwa, khungu likusupuka, koma zala zikugwira ntchito.

Amayi anayang'ana mchenga uja, kenako ine. "Nyanja inachita kukutsatira m'nyumba, eti?"

Ndinkayembekeza khofi, koma sanandimenye. Njira yonse yobwerera kunyumba anandigwira dzanja lonunkhalo mwamphamvu, chikhatho chawo chili thukuta lokhalokha.

Ndinachita kubereka anga ana kuti ndizindikire kuti fungo lija amayi analimva kalekale, ndipo sowo ija ankaiopa kuposa ine.