Wondiyesa mayeso ndi mwana wa m'munda wa tiyi uja

Mwaswera bwanji nonse.

Laisensi yanga ya unamwino yapulumuka. Paja ndinakuuzani kuti mapointi a maphunziro owonjezera akapanda kukwana andiimitsa ntchito kukiliniki ya pa esiteti. Lero ku boma kunali kosi yomaliza, ya kathandizidwe ka khanda lobadwa losapuma.

Wophunzitsa anali mtsikana, dzina lake Esinati ngati ine. Atandipatsa chidole choyeserera, manja anga anangochita zakale. Ndinachigwira miyendo, mutu pansi, n'kuchiwomba kambama kumatako. Iye osaseka, "Amayi, zimenezo tinasiya kalekale. Bwerezani." Manyazi ake, pamaso pa anamwino oti ndingawabereke. Ndinabwereza ndi kachipangizo kopopera mpweya mpaka anakhutira.

Pa buleki ndinamufunsa kwawo. Akuti kwa Mphuka. Mayi ake ankathyola tiyi, ndipo iye anabadwira m'munda momwemo mvula ikugwa, thirakitala yopita kuchipatala isanafike. Anatuluka ali zii, namwino wina n'kumudzutsa, ndiye anamutcha dzina la namwinoyo.

Achimwene a Fuledi, mukukumbuka tsiku lija ndinafika kunyumba yunifolomu ili matope okhaokha, inu n'kumandiseka? Mwana uja ndi ameneyu.

Ndinati, "Adzina, kambama mwandiletsaka ndi kamene kanakudzutsani." Tinagwirana n'kulira tonse awiri. Koma pointi yaulere sanandipatse olo imodzi, akuti ntchito ndi ntchito.

Lamlungu akubwera kwathu ndi mayi ake. Ndiye tandiuzani abale, ndimutume kukhitchini ngati mwana wanga, kapena ndimugwadire ngati aphunzitsi anga?