Mmene Mapemphero Anaimira Pasukulu Pathu

Ndinali Sitandade 5 chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Ana tinachuluka moti ena tinkaphunzirira pansi pa mibulugamu, kuseri kwa nyumba za antchito a esiteti. Bambo anga ankathyola tiyi. Tinali Asilamu, banja lokhalo pamzere wonse wa nyumba zimenezo.

M'mawa uliwonse ahedi ankatigwaditsa pabwalo kuti tipemphere. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ofewa amene sankakonda kukwapula. Ine ndinkagwada nawo, koma pakamwa ndinkatseka. Tsiku lina anandiona. Anandiitana kutsogolo n'kundiimika pakachulu kamene ankaimapo iwo polengeza zinthu.

"Tsinzinani nonse," anatero. "Lero tipempherere mnzathuyu, amene kwawo kuli mdima."

Anapemphera nthawi yaitali, akutchula dzina langa, la bambo anga, ndi la mayi anga amene anali atamwalira chaka chapitacho. Anapempha Mulungu kuti awachitire chifundo kumene ali, ngati n'kotheka. Sukulu yonse inavomera. Mawa lake anabwerezanso, ndipo zinakhala za tsiku ndi tsiku.

Sindinawauze bambo. Anakamvera m'munda wa tiyi, kwa mayi wina amene ankathyola nawo mzere woyandikana. Anadikira msonkhano wa makolo, ndipo ine ndinamvetsera pawindo. Bambo sanali munthu wolankhula pagulu. Komabe anaimirira.

"Sindikuti musiye kupemphera," anatero. "Mwana wangayu muzimulola aime kumbuyo. Ndipo mayi ake asiyeni agone."

Anthu anagawikana. Bambo wina wopembedza Loweruka anati sukulu ndi ya boma, aliyense azipemphera kwawo. Mayi wina anati sukulu yopanda pemphero ndi khola la mbuzi. Akapitawo a bambo anga anati masiku ano zinthu zimatsata ambiri, ndiye munthu mmodzi asasokoneze mtundu. Ahedi anangomwetulira.

"Mwamveka, bambo," anatero. "Ino ndi nthawi ya ufulu."

Lolemba anandiitananso kutsogolo, nandigwira paphewa mwachikondi.

"Kuyambira lero kulibe pemphero. Bambo ake a uyu akana. Chinthu chikakugwerani musadzandifunse ine."

Inali nyengo ya mvula. Mwezi usanathe, kamtsikana ka Sitandade 2 kanakokoloka ndi madzi pakamtsinje ka kumunsi kwa fakitale, kakuchokera kusukulu. Kanali kamwana ka akapitawo aja. Pamaliro ahedi ndiwo analalikira. Sanatchule munthu. Anangoti mwanayu anachoka pasukulu tsiku limenelo popanda womupereka m'manja mwa Mulungu. Anthu anacheuka kutiyang'ana pamene tinakhala.

Kuyambira pamenepo palibe ankakhala nane pafupi m'kalasi. Mnzanga amene tinkagawana chinangwa anandilavulira. Poweruka miyala inkanditsata mpaka kunyumba, ndipo tsiku lina ndinapeza fupa la nkhumba m'jumbo ya makope anga. Aphunzitsi ankaona, koma ankayang'ana kumbali.

Kwa bambo kunali koposa. Akafika pasikelo ndi dengu lodzaza, akapitawo ankapisamo dzanja, n'kunena kuti masamba ndi okhwima, n'kuwakhuthulira pansi. Anawapatsa mizere ya kuphompho, kumene munthu amathyola dzanja lina litagwira tsinde. Bambo ankangobwerera m'munda. Ankati munthu woferedwa satsutsidwa.

Atatopa anapita kwa ahedi. Anavula kachipewa kawo koyera n'kugwada pakhomo la ofesi, kupempha kuti mapemphero abwerere.

"Si ine munandilakwira," ahedi anatero. "Mukawauze anawo."

M'mawa mwake bambo anaimirira pamaso pa sukulu yonse, atavala kale thumba lapulasitiki limene ankadzitchinjiriza nalo ku mame a m'munda. Ahedi ankanena mawu, iwo n'kumabwereza: kuti analankhula mosaganiza, kuti akupepesa, kuti sukulu izipemphera. Kenako onse tinagwada, bambo nawonso, ndipo ahedi anathokoza Mulungu chifukwa chofewetsa mtima wouma. Ana ena ankasuzumira pakati pa zala, akuseka.

Sizinathandize. Tiyi atayamba kuchepa, bambo anali woyamba kuuzidwa kuti ntchito yatha, ndipo nyumba ikufunika. Tinamanga katundu, palibe anatuluka kudzatsanzika. Tinakakhala kwa azakhali ku Bvumbwe, kumene bambo anayamba kugulitsa kabichi m'mbali mwa msewu. Za kuesiteti sanazitchulenso mpaka imfa yawo.

Chaka chotsatira bambo anandipezera malo pasukulu ina. Anandiperekeza mpaka pachipata, n'kuwerama kundikonza kolala, maso ali pansi.

"Chilichonse chimene akanene, uzinena nawo," anatero. "Uzikweza mawu kuti akumve."