Tsiku Limene Bambo Anabisa Ululu kwa Dokotala

Chizindikiro choyamba chinaoneka m'mwezi wa Febuluwale, nthawi youmitsa fodya. Bambo anga, amene ankasonkhezera moto m'mabalani pa famu ina pafupi ndi Marondera ku Zimbabwe, anagwa ali ndi chipika paphewa. Anati china chake chinawamenya pachifuwa ngati nyundo, ululu n'kutsikira m'dzanja lamanzere. Atapumula, unatha.

Foromani sanamuuze. Pakomboni aliyense ankadziwa kuti wolephera ntchito amataya ndi nyumba yomwe, ndipo ku Dedza kumene kunachokera agogo sitinkakudziwa. Mayi wina wazitsamba anawatema mphini pachifuwa ponse ndi lezala. Magazi anayenderera mpaka m'chiuno, koma ululu unkabwerabe akanyamula katundu.

Nditabwera kutchuthi kuchokera kukoleji, ndinapita nawo kuchipatala. Anawayeza mtima ali chigonere ndipo sanapeze kanthu. Anatitumiza ku Harare, kumene tinapatsidwa tsiku patatha milungu isanu, kuti akaone mmene mtima umachitira munthu akamagwira ntchito.

Tsikulo tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Namwino anawamata mawaya pakati pa zipsera, n'kuwaimika pa makina okhala ndi lamba woyenda. Dokotala anati, “Baba, mukangomva kupweteka, munene msanga.” Ndinawamasulira bwinobwino m'Chichewa. Sindinadziwe kuti bambo ankaganiza kuti pepala limene makinawo ankalembapo kagundidwe ka mtima likupita kwa mwini famu, ndipo kuti akaima ntchito yatha.

Mphindi zitatu zilizonse lambayo ankawonjezera liwiro ndi kukwera ngati chitunda. Thukuta linanyowetsa thalauza. Analuma mlomo mpaka kutuluka magazi. Namwino atawafunsa, anapukusa mutu. Koma mizere ya papepala inasintha, ndipo dokotala anafuula kuti makina aime. Namwino atatambasula dzanja kuti aimitse makinawo, bambo anamukankha mwamphamvu mpaka namwinoyo anakamenyetseka kukhoma. Kenaka miyendo ya bambo inafooka, anagwa n'kumenyetsa nkhope pachitsulo. Dzino linathyoka, mawaya anazuka. Anawaika piritsi pansi pa lilime ali pansi pomwepo, akupuma ngati ng'ombe yozingidwa.

“Mitsempha yopereka magazi kumtima yatsekeka kwambiri,” anatero dokotala. “Mphindi ina imodzi, tikanakunyamulani.”

Anagonekedwa masiku khumi. Tsiku lachiwiri anapempha kuti namwino uja abwere, ndipo anapepesa akulira. Dokotala analemba kalata yowapemphera ntchito yopepuka. Ndinakaipereka ndekha kuofesi ya famu. Anawasamutsira kushedi yosankhira fodya, kumene amagwira ntchito atakhala pansi, ndipo m'nyumba sanatichotse.

Lero papita zaka ziwiri. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, anasiya kusuta, ndipo amafika kutchalitchi osapumira panjira. Inu amene chifuwa chimakuthinani mukanyamula katundu, pitani kuchipatala chisanakugwetseni. Ndipo akakuimikani pa makinawo, musalimbe mtima ngati muli pamaso pa foromani. Kukapweteka, nenani.